Zimene ndinachita ndi nthano ya wofufuza milandu wopuma pantchito uja

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingalembere nthano yanga kuti imveke ngati yoona, nthano ya bambo amene ankafufuza milandu payekha, atapuma pantchito n'kukodwa m'chiwembu cha asayansi. Ndinatsatira malangizo a amene munati ndileke kupeka mankhwala odabwitsa, ndiyambe ndawerenga zimene zinachitikadi.

Ndinawerenga za kafukufuku wa ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, kumene kuyambira 1932 mpaka 1972 nthambi ya boma yoona za umoyo inkangoyang'anira amuna akuda 399 odwala chindoko osawachiritsa, ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti Peter Buxtun, amene anaulula zimenezi, anadandaula kwa akuluakulu kwa zaka zingapo osamvedwa, mpaka nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala.

Choncho ndinachotsa zigawenga za mfuti m'mutu woyamba. Tsopano wofufuzayo akubwerera pantchito chifukwa namwino wokalamba wamubweretsera mafayilo akale a odwala, olembedwa manambala m'malo mwa mayina. Anzanga amene awerenga mitu yatsopanoyi akuti mantha akuwagwira msanga. Amene mukulemba zofanana, fufuzani kaye amene amavomereza kafukufuku ndi amene amasunga mapepala ake, chifukwa wofufuza wanu adzayambira pa anthu amenewo.