Amwenye ovala nduwira aja amapemphera bwanji? Bwana wandiitana kwawo Lamulungu

Dalaivala_wa25:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndimayendetsa galimoto ya bwana wina wa zomangamanga muno mu Lilongwe, ndi mmwenye koma wosiyana ndi aja tinawazolowera m'mashopu ku Area 2, uyu amavala nduwira, ndevu sameta, pamkono pali chibangiri chachitsulo chomwe savula olo akugwira simenti. Anyamata kuntchito amati ndi Msilamu koma Lachisanu kumzikiti sapita ndipo mwezi wa Ramadan amadya bwinobwino. Yekha amati ndi Msikh.

Chimene chimandikhudza nchakuti tikapita kokagwira ntchito kutali nkugona malo amodzi, munthuyu pofika 4 koloko m'bandakucha wasamba kale, wakhala pansi akungobwereza mawu amodzimodzi motsitsa mpaka kunja kuyera. Ndipo ndi munthu wodekha heve, sindinamumvepo akutukwana wantchito. Nde wandiitana ine ndi mayi akunyumba kuti tipite kwawo Lamulungu masana, akuti kuli mapemphero kenako chakudya. Ine ndine wa CCAP. Kodi amapemphera kwa ndani anthu amenewa, nanga zobwerezabwerezazo ndi chani? Chakudyacho munthu wa mpingo angadye?

Nambewe_Kawale:
Achimwene pitani, musaope. Ine sukulu yanga ya ukachenjede ndinachitira ku Punjab ku India komwe ndi kuchimake kwa anthu amenewa, nde ndinakhala nawo pafupi kwambiri. Si Asilamu komanso si Ahindu, ndi chipembedzo choima pachokha. Anayambitsa ndi Guru Nanak (Guru ndiye kuti mphunzitsi) yemwe anabadwa mu 1469 pamudzi wina umene pano uli mbali ya Pakistan, umatchedwa Nankana Sahib. Amakhulupirira Mulungu mmodzi yekha, wopanda chifaniziro, ndipo m'kachisi mwawo mafano simudzawapeza.

Zomwe mumamva m'mamawazo amazitcha simran. Akubwereza dzina la Mulungu lakuti Waheguru, pang'onopang'ono, ena amatsata ndi mpweya pokoka ndi potulutsa, cholinga chake nchakuti mtima usiye kuyendayenda ukhazikike pa Mulungu. Amasankha nthawi imeneyo dala chifukwa dziko lili zii, foni siinayambe kulira, nkhawa za ndalama sizinadzuke. Akatero amanena pemphero la m'mawa la Japji Sahib, madzulo kuli lina la Rehras, pokagona lina lalifupi la Kirtan Sohila. Ine chomwe chinandigwira mtima nchakuti kwa iwo kusinkhasinkhaku sikokathawira kuphiri ayi. Guru Nanak sanagwirizane nazo zoti munthu asiye banja ndi ntchito akakhale kutchire ati akufuna Mulungu, iye mwini kumapeto kwa moyo wake ankalima ku Kartarpur. Chiphunzitso chawo chimati kumbukira dzina la Mulungu, dya thukuta lako mwachilungamo, gawana ndi anzako zomwe wapeza, ndipo zitatuzi sizisiyanitsidwa. Munthu wodzuka 4 koloko koma nkumabera antchito malipiro, kwa iwo wangotaya tulo pachabe. Nde kudekha mukukuonako musadabwe nako.

Chakudyacho ndi langar. Kachisi wawo aliyense, amati gurdwara, amakhala ndi khitchini yophikira aliyense wobwera ulere, safunsa mpingo, mtundu kaya muli ndi zingati m'thumba. Nonse mumakhala pansi mzere umodzi, bwana ndi wolondera pageti pamodzi, ndipo ku India kumene kuli nkhani ya magulu obadwa nawo, oti wina sangadye ndi wina, imeneyi inali nkhani yaikulu zedi. Saphika nyama pa langar dala kuti Mhindu, Msilamu, Mkhristu onse adye opanda chikaiko. Mudzapeza mphodza, chapati, mpunga, ndiwo zamasamba, tiyi. Ine ndinafikako ku Golden Temple, kachisi wawo wamkulu ku Amritsar, anthu masauzandemasauzande amadya tsiku lililonse usana ndi usiku, ndipo osenda anyezi ndi otsuka mbale ambiri ndi ongodzipereka, ena ndi anthu olemera ndithu. Ndinatsukako mbale nawo, palibe anandifunsa kuti iwe wakuda ukutani pano.

Mukafika vulani nsapato, sambani m'manja, phimbani kumutu, mayi atenge kampango kapena duku, inu akupatsani kansalu. Fodya ndi mowa musalowe nazo olo m'thumba, zimenezo amadana nazo kwambiri.

Mayi_a_Mvano47:
Mwana wanga Nambewe wafotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo, koma ine pali pamodzi pamene mtima wanga sukukhazikika. Ndinamva kuti amagwadira buku mpaka mphumi kugunda pansi. Nanga si kupembedza chinthu kumeneko? Komanso chakudya chopemphereredwa kwina ife tinaphunzitsidwa kusamala nacho. Sindikuti bambowa asapite ayi, munthu akakuitana pakhomo pake ndi ulemu waukulu ndipo kukana popanda chifukwa nkulakwa, koma apite akudziwa malire awo. Angacheze kaye ndi abusa kapena mkulu wa mpingo.

Nambewe_Kawale:
Amayi funso lanu ndi lomveka ndipo sindikubisirani, kugwada amagwadadi. Bukulo ndi Guru Granth Sahib, lili ndi masamba 1430, ndipo Guru wa nambala 10, Guru Gobind Singh, asanamwalire mu 1708 ananena kuti sipadzakhalanso Guru wina wa munthu, mphunzitsi wawo akhale mawu a m'bukumo. Nde amalilemekeza ngati mmene tingachitire mfumu ikakhala pabwalo, amaliika pamalo okwera, amalifunditsa nsalu zabwino, palibe amalipatsa nkhongo. Eni ake amati sakupembedza mapepala koma akugonjera mawuwo. Mlendo sakakamizidwa kugwada, mutha kungolowa mwaulemu nkukhala pansi kumvera nyimbo, pajatu bukulo ndi ndakatulo zoimbidwa, amaimba ndi kalimba kotchedwa harmonium ndi ting'oma tiwiri totchedwa tabla. Muli ngakhale ndakatulo za Sheikh Farid yemwe anali Msilamu, komanso za alakatuli ena ngati Kabir ndi Ravidas.

Pali kachakudya kena kotsekemera ka ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a mkaka, karah parshad, kameneka ndiye kamapemphereredwa ndipo amagawa mapemphero akatha, mumalandira ndi manja awiri. Ngati chikumbumtima chikukana kanani mwaulemu musanalandire, chomwe chingawapweteke ndi kulandira nkukataya.

Sir_Chimutu:
Ndiwonjezepo ya mbiri poti ambiri timaiwala kuti anthuwa si achilendo m'dziko muno. Harry Johnston atayamba kulamulira kuno mu 1891 anabweretsa asilikali ochokera ku India, ndipo mwa iwo munali Asikh. Anamenya nawo nkhondo zolimbana ndi ogula ndi kugulitsa akapolo kum'mwera kwa nyanja, mbali ya Mangochi yomwe nthawi imeneyo inkatchedwa Fort Johnston. Tisabisenso kuti nkhondo zomwezo ndi zomwe zinakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, nde mbiri yake ili ndi mbali ziwiri.

Za tsitsi ndi chibangiri zinachokera mu 1699 pamene Guru Gobind Singh anakhazikitsa gulu la Khalsa. Wolowa m'gululi sameta, amasunga chipeso chamtengo m'tsitsi, chibangiri chachitsulo, kabudula wamkati wamtundu wake ndi kampeni kotchedwa kirpan kokumbutsa udindo woteteza oponderezedwa. Maina akuti Singh kwa amuna ndi Kaur kwa akazi anachokeranso pomwepo. Manmohan Singh uja anali nduna yaikulu ya India kuyambira 2004 mpaka 2014 anali Msikh, mukamuona pazithunzi ali ndi nduwira yabuluu.

Dalaivala_wa25:
Zikomo nonse, amayi a Mvano ndamva ndipo ndilankhula ndi mkulu wa mpingo wathu Loweruka. Tipita tikaweruka ku tchalitchi. Achemwali a Nambewe kafunso kena, ife kwathu sitipita pakhomo pa munthu chimanjamanja, nde tingatenge chani choti sichiwakhumudwitsa? Mayi akunyumba amaganiza za nkhuku.

Nambewe_Kawale:
Nkhuku ayi achimwene, pa tsiku la mapemphero nyama siilowa, mazira omwe. Tengani zipatso, mkaka, shuga kapena mpunga wa Kilombero, zimenezo zipita kukhitchini konko. Ndipo alamu akafuna kuthandiza kuphika chapati kapena kutsuka mbale angopempha, sakawakaniza, angosamba m'manja nkuphimba kumutu basi.