Mapointi a Peco akungolira osatembenuka ndikawayendetsa pa panelo

NjanjiOO:
Abale, ndigawireniko nzeru. Pa tebulo la sitima zazing'ono za sikelo ya OO pali mapointi (posinthira njanji) 8 a kampani ya Peco, iliyonse ndi mota yake ya PL-10, ndipo magetsi akuchokera pa 16V AC ya kontirola. Apafupi ndi panelo akutembenuka bwinobwino, koma awiri akumapeto, mamita atatu kuchokera pa panelo, akungolira kuti dzii osasuntha. Koilo imodzi yayambanso kununkha. Ndikufunanso tinyali tondionetsa kumene pointi yaloza. Ndiyambire pati?

Makaniko16:
Zimitsani kaye, achimwene, fungolo ndi koilo ikupsa. PL-10 ili ndi makoilo awiri, ina yokokera uku ina uko, ndipo iliyonse imafuna magetsi kwa kamphindi kosakwana sekondi. Ngati swichi yanu imakhala pomwe mwaisiya, magetsi akungopitirira. Ikani swichi yobwerera yokha pakati mukaisiya, kapena PL-26 ya Peco yomweyo, imene imangokhudza podutsa.

Kenako mugule CDU (capacitor discharge unit). Imeneyi imasunga magetsi mu capacitor, pa 16V AC imafika cha m'ma 22V DC, n'kuwatulutsa onse kamodzi ngati nkhonya. Ikatero imangodontheza pang'ono mpaka mutasiya swichi, ndiye ngakhale chala chichedwe, koilo siipsa. Kalumikizidwe kake: 16V AC ilowe mu CDU. Waya wina wotuluka upite pa mwendo wapakati wa swichi iliyonse, miyendo iwiri yam'mbali ipite ku makoilo awiriwo. Mbali inayo ya makoilo muiphatikize, ibwerere ku CDU pa waya umodzi. CDU imodzi ikwanira onse 8, bola muzipatsa mpata pang'ono musanadine ina.

WaMawaya:
Zoona zimenezo, koma akutaliwo ndikukayikira waya. Koilo ili ndi ma ohm ochepa kwambiri, imakoka ma amp angapo nthawi imodzi. Mamita atatu kupita, atatu kubwera, pa waya wowonda wa 7/0.2 (timawaya 7 ta 0.2mm mkati mwake), mphamvu imathera m'njira. Ikani 16/0.2, ndipo wobwerera uja, poti ndi wa onse, ukhale 24/0.2. Mfundo zonse muwotchere ndi solder, zongopota ndi zala zimadya magetsi.

Musanagule chilichonse, kankhani kamtengo ka motayo ndi chala. Ngati mbali ina kakulimba, mota yakhala mopendama kapena kakukhula m'mbali mwa bowo. Guluu wa timiyala ta m'njanji akalowa pansi pa kachitsulo komanga malilime a pointi, ngakhale CDU siithandiza. Pamenepo mpofunika kupala, osati kuwonjezera magetsi.

Siginala:
Za tinyali: musazitenge pa swichi, chifukwa ikabwerera pakati siikumbuka kalikonse. Vekani PL-13 pa mota, ndi kaswichi koyenda limodzi ndi motayo. Mupatse 12V DC yapadera, mwendo wapakati ku positive, miyendo iwiri ku ma LED awiri pa panelo, iliyonse ndi resistor ya 1k. Ubwino wake nyali imanena zimene mota yachitadi, osati zimene munafuna. Dziwani kuti PL-13 imalemeretsa mota pang'ono, ndiye CDU ija ifunikadi.

Koilo yapsayo, ngati simukufuna ina yotero, yesani mota ya mtundu wina, Tortoise ya kampani ya Circuitron. Imayenda pang'onopang'ono, imakhala pa magetsi nthawi zonse osapsa, imangodya pafupifupi 15mA pa 12V DC. Swichi yake ndi DPDT (ya miyendo 6) yokhazikika, mawaya opingasa, kupita pa malo olumikizira 1 ndi 8 a motayo. LED ya mitundu iwiri muiike pa mzere womwewo wa mota, resistor siifunika.

Makaniko16:
Tortoise ndi yabwino, koma musaiike pa CDU, ifuna magetsi akeake. Muchotsenso kasipuling'i kali pakati pa pointi ya Peco, apo ayi kawaya kokankhira pointi ka 0.025 inchi kamene Tortoise imabwera nako kamangopindika. Yezaninso pansi pa tebulo, chifukwa imalendewera masentimita oposa 8.