Fender Deluxe Reverb ya 1965 ikumenya shoko pa nsambo za gitala

Wansambo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ampulifaya ndi ya mavalavu (machubu agalasi okweza mawu), Fender Deluxe Reverb ya 1965, yopangidwira magetsi a ku America. Pulagi yake ndi yamano awiri, ndipo ikudya magetsi kudzera pa thiransifoma yotsitsa 230V kufika 110V. Ukagwira nsambo n'kukhudza maiki ndi milomo, shoko yake ndi yoopsa. Mita ikuwerenga pafupifupi 100V AC pakati pa chassis (bokosi lachitsulo la ampulifaya) ndi ethi ya pakhoma. Vuto lili pati, ndipo ndiyambire pati?

Mavalavu6V6:
Achimwene, izuleni pakhoma, musaimbirenso mpaka itakonzedwa. Nsambo zimalumikizana ndi chassis kudzera pa chingwe cha gitala, ndiye magetsi aliwonse a pa chassis amafika m'manja mwanu, ndipo maiki ndiyo imawapatsa njira yopitira pansi.

Choyamba kukayikira ndi kapasita ya 0.047µF 600V imene ili pa swichi ya GROUND kumbuyo. Ntchito yake inali kuchepetsa kulira kwa hum pa nthawi imene nyumba zinalibe waya wa ethi. Swichi ikaloza ku waya wamoto, ngakhale kapasitayo ili bwinobwino imadutsitsa pafupifupi 2mA, yokwanira kuluma milomo. Ikachita shoti mkati, magetsi onse a pakhoma amakhala pa chassis, ndipo apo munthu amafa.

Musanaike dzanja mkati, tsitsani magetsi a m'makapasita akuluakulu a 16µF. Amanyamula kupitirira 400V DC ndipo amatha kusunga ngakhale mwazimitsa. Tengani resistor ya 100k 5W yokhala ndi mawaya okutidwa bwino, mbali imodzi panani pa chassis, inayo pa + ya kapasita, swichi ya standby ili pa ON, pamene imakhala mukamaimba. Dikirani mpaka mita iwerenge pansi pa 10V, ndipo resistoryo isiyeni pomwepo pogwira ntchito chifukwa magetsi amabwereranso pang'ono okha. Kugunditsa ndi sikuludiraiva ayi: kumathetheka moto n'kuwononga kapasita.

Mukatero, dulani kapasita ya 0.047 ija, chotsani mawaya onse pa swichi ya GROUND, muike chingwe cha mawaya atatu. Wamoto apite ku fyuzi, kuchoka pa fyuzi ku swichi, kenako ku thiransifoma ya mkati mwa ampulifaya. Wa neutral apite molunjika ku thiransifoma. Wa ethi mumangire pa bawuti yakeyake pa chassis, mutapala chitsulo kuti chiwale, ndi washa wamano ndi nati yothina. Mumusiye wautaliko kuposa anzake, kuti chingwe chikakokedwa akhale womaliza kuduka. Kuchoka pa dzino la ethi la pulagi kufika pa chassis, mita iwerenge pansi pa 0.5Ω.

BamboWaMawailesi:
Zonsezo ndi zoona, koma thiransifoma yotsitsayo musaiiwale, chifukwa ikhoza kufafaniza ntchito yonse. Zambiri zotchipa ndi autotransformer, zili ndi koyilo imodzi yokha ndipo sizilekanitsa ampulifaya ndi magetsi a pakhoma. Wamoto ndi neutral akasinthana pa pulagi kapena pa soketi, pakati pa mawaya awiri otuluka mudzawerengabe 110V, koma mmodzi amakhala 230V kuyeza ndi ethi. Tsegulani pulagi yake: wofiirira pa L, wabuluu pa N, wobiriwira ndi chikasu pa E. Yezaninso ngati bowo la ethi potulukira likulumikizanadi ndi dzino la ethi polowera. Zina bowolo lilipo koma mkati mulibe waya.

Wansambo:
Zikomo kwambiri. Nanga fyuzi ikamapsa nditaika ethi?

Mavalavu6V6:
Ndiye kuti ethi yagwira vuto lomwe linabisala. Musaike fyuzi yokulirapo, tsatirani muyeso wolembedwa kumbuyo. Zulani valavu ya GZ34 (yosandutsa AC kukhala DC), muyatse ampulifaya kudzera pa babu la mtundu wakale, lakawaya koyaka mkati, la 60W lolumikizidwa motsatana pa waya wamoto. Babu likangoyaka kamodzi n'kuzirala, thiransifoma ya mkati ili bwino, funani vuto pa GZ34, pa mavalavu a 6V6 kapena pa makapasita. Likawalabe kwambiri mavalavu onse atachotsedwa, kayikirani thiransifomayo kapena mawaya a heater (otenthetsa mavalavu). Masulani mawaya a primary (olowetsa magetsi) a thiransifomayo muyeze ndi megger (mita yoyezera ngati magetsi akudontha) pa 500V kupita ku chassis. Ikawerenga pansi pa 1MΩ, sinthani thiransifomayo. Poyeza ampulifaya ili yoyaka, panani waya wakuda wa mita pa chassis musanayatse, mugwire ntchito ndi dzanja limodzi, linalo likhale m'thumba.