Mwana anazulidwa mano awiri, lero tsiku lachitatu akukana nsima

Amake Tiyamike, Chawama

Pepani a gulu, ndalemba usiku chonchi chifukwa tulo tandithawa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 anamuzula mano awiri otafunira Lachiwiri lapitali, pachipatala china muno mu Lusaka. Anali atabooka mpaka tsaya kutupa. Atatha kuzula, adokotala analankhula zambiri, koma m'Chingerezi ndiponso mothamanga, mwana akundilirira kumsana, panja anthu ali ndandanda. Ine ndinangovomera "inde, inde" n'kutuluka. Mawu amene ndinatola ndi amodzi okha: Panado.

Kunyumba ndinamusiya ndi apongozi anga, omwe abwera kudzacheza kuchokera ku Katete, ine n'kuthamangira ku msika wa Soweto kumene ndimagulitsa zovala za salaula. Iwo, mwa chikondi chawo, anamuchukuchitsa madzi ofunda amchere katatu masana omwewo, magazi n'kuyambiranso. Madzulo ndinapeza mlomo wam'munsi watupa, ndipo lero pali chilonda choyera ngati mafinya. M'dzenje momwe munali dzino namonso mwayera. Nsima akukana, akungolirira tiyi wa m'botolo lake.

Apongozi akuti adokotala anamucheka mlomo ndi zitsulo zawo, tibwerere tikawafunse bwino. Bambo ake akuti tingogula Amoxil pa kantemba. Ine ndili pakati. Komanso dzino lina lakutsogolo layamba kuda. Tilisiye, poti ndi mano oti adzagweluka?

Bambo a Madalitso

Lisiyeni amayi. Tonsefe tinagweluka mano, tinaponya padenga, ena anamera. Ndalama za basi zisathere pa mano a mwana.

Anaphiri, wogwira ntchito ya mano

Amake Tiyamike, sindinamuone mwanayo, choncho mawu angawa asalowe m'malo mwa chipatala. Koma zimene mwafotokozazi timaziona sabata ndi sabata.

Mlomowo n'kutheka kwambiri kuti anadziluma yekha. Jakisoni wa dzanzi amagwira mlomo ndi tsaya maola awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira. Mwana amadabwa kuti mlomo wake wasanduka ngati mphira, amautafuna, ululu osaumva. Mawa lake pamatupa n'kuyera, makolo n'kuyesa mafinya. Chilonda chotere chimapola chokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake timati mwana akazulidwa dzino, wamkulu amuyang'anire pakamwa mpaka dzanzi lithe, ndipo asadye kanthu kotafuna nthawi imeneyo.

Agogo sanalakwe mankhwala, anangofulumira. Tsiku loyamba magazi amaundana m'dzenjemo, ndipo magazi oundanawo ndiwo chivundikiro cha bala. Kuchukucha, kulavula mwamphamvu, kapena kumwera pa kapaipi kumawachotsa. Madzi amchere amayamba pakadutsa maola 24: theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, pang'onopang'ono, ndipo pokhapokha ngati mwana amadziwa kulavula. Magazi akayambiranso, pindani kansalu koyera, alume mphindi 20 mpaka 30. Zoyera m'dzenjemo kawirikawiri ndi mnofu watsopano ukumera, musakolokose ndi kamtengo.

Amoxil wa pa kantemba ayi. Panado mupatseni monga analembera, chifukwa muyeso wa ana umatsata kulemera kwa thupi. Aspirin musam'patse mwana, ndipo musaike pa nkhama, amawotcha. Koma thupi likatentha, tsaya likamatupirabe, mkamwa mukamanunkha zachilendo, akamalephera kumeza kapena kuyasamula, kapena akakana ngakhale madzi, pitani tsiku lomwelo. Chipatala cha Chawama First Level muli nacho pafupi, ndipo zikakula amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH.

Amake Tiyamike

Zikomo Anaphiri. Thupi silikutentha, madzi akumwa. Ndakumbukira ndithu kuti m'basi ankaseweretsa mlomo ndi mano, ine n'kumuseka. Ha, ndikanadziwa.

Anganga a ku Mtendere

Musawadzudzule apongozi anuwo. Ife tinalera ana ndi madzi amchere omwewo. Kuchipatala amauza amene wabweretsa mwana, pomwe wotsala naye kunyumba ndi wina. Mawu amathera m'basi.

Anaphiri

Anganga mwanena zoona, ndipo mlandu wina ndi wathu ife a chipatala. Mzere ukatalika timalankhula ngati wailesi. Ine masiku ano ndimapempha kholo kuti lindibwerezere zimene ndanena, m'chilankhulo chake, ndipo apa m'pamene ndimazindikira kuti "musachukuche lero" ena amva "muchukuche lero". Inunso makolo muli ndi ufulu wonena kuti, "Adokotala, bwerezani m'Chinyanja," kapena kupempha kuti akulembereni pakapepala koti mukawerengere agogo kapena wantchito.

Bambo a Madalitso, pa za kugweluka sindikuvomerezani. Mwana amakhala ndi mano oyamba 20. Akutsogolo amayamba kugweluka ali ndi zaka ngati 6, koma otafunirawa amakhala mpaka zaka 10 kapena 12. Ndiye kuti Tiyamike wataya mano amene akanam'tumikira zaka zina 6 kapena kupitirira. Manowa amasungiranso malo mano achikulire. Pa zaka 6 kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lachikulire popanda lina kugweluka, ndipo likapeza mpata kutsogolo kwake limasendera momwemo, lobwera pambuyo n'kusowa potulukira. Makolo ambiri dzino limeneli amaliyesa la ubwana, n'kulilekerera kubooka. Lakutsogolo layamba kudalo akaliwone msanga, mwina n'kulimata lisanafike pozula.

Koma muzu wa nkhani yonse ndi botolo lija. M'dzino mulibe mbozi monga ena amanenera. Tizilombo ta mkamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo ndiye amakumba dzino. Usiku malovu amachepa, ndiye mwana akagona ndi tiyi wa shuga mkamwa mano amakhala m'madzi a shuga mpaka m'mawa. Masana ma freezit, maswiti, maheu a m'botolo, pang'ono pang'ono tsiku lonse, mano osapuma. Panopa kuyamwa botolo kungasokonezenso balalo. Mupatseni m'kapu. Chakudya chikhale chofewa ndi chofunda chabe: phala la nsinjiro, mbatata yophwanya, nthochi, dzira, nsima yofewa yoviika mu msuzi, atafunire mbali imene sikupweteka.

Amake Yamikani, Matero

Botolo ndi nkhondo, konzekani. Wanga analira mausiku anayi, aneba mpaka kugogoda. Ndinkathiramo madzi okha, lachisanu analitaya yekha. Funso langa Anaphiri, mswachi ayambe liti, poti pali bala?

Anaphiri

Mano enawo atsukidwe kuyambira lero, mongolambalala balalo. Kawiri pa tsiku, makamaka asanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, yomwe imalimbitsa mano: osakwana zaka 3 kadontho ngati kambewu ka mpunga, zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa yaing'ono. Alavule thovu koma asachukuche ndi madzi. Ndipo mswachi agwire wamkulu mpaka mwana afike zaka 7 kapena 8. Wa zaka 4 amangoyamwa Colgate.

Bambo a Madalitso

Dzino la zaka 6 lija ndiye mwandidzidzimutsa. Wanga ali giredi 2, ndikamuyang'ane mkamwa ndi tochi akadzuka.

Amake Tiyamike

Ndawawerengera apongozi zonse m'mawa uno. Pa za mlomo akanali kukayika, akuti dokotala sangavomere kuti mnzake analakwa. Koma botolo alibisa okha m'chikwama chawo cha ku Katete, ndipo phala la nsinjiro aphika ndi iwo. Wadya masipuni asanu ndi limodzi. Lolemba tikupita tonse atatu kukaonetsa lakutsogolo lija, akuti akufuna akadzimvere okha.