Gemu yaduka wina akugonja 2-0, akuti ndi netiweki: tigamule bwanji?

Wokonza mpikisano, Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru usiku womwe uno. Ndikuyendetsa mpikisano wa eFootball, gemu ya mpira ya pafoni, aliyense amasewera ali kwawo, zotsatira amaponya pagulu la WhatsApp. Mu semifainolo wina amagonja 2-0, itakwana mphindi ya 70 gemu n'kuduka. Iye akuti netiweki inathawa. Mnzakeyo akuti bodza wathawa dala, ndiye wamutukwana pagulu mpaka kutchula amayi ake. Onse analipira yolowera, fainolo ndi Loweruka. Lamulo la zimenezi sindinalembe.

Mwini malo a PlayStation, Area 25: Mulembeni 3-0 wothawayo basi. Ngakhale mpira wa pabwalo, timu yokana kupitiriza imalembedwa kuti yagonja 3-0. Mukangomvera za netiweki kamodzi, mawa aliyense akachinyidwa azingodina kandege kaja kozimitsa netiweki pafoni.

Woyendetsa ligi, Zomba: Achimwene a ku Area 25, inu ana amasewera muli pomwepo mukuwaona. Pa intaneti ndi zina. Magetsi akathima dera lonse netiweki imafooka, bandulo imatha pakati pa gemu, wina amangoimbiridwa foni n'kutuluka. Ngati lamulo panalibe, simungamulande munthu ndalama yake pongomuganizira.

Mwini malo a PlayStation, Area 25: Koma mayi, bwanji netiwekiyo simathawa munthu akamatsogola?

Woyendetsa ligi, Zomba: Imathawa, kungoti wogonjayo sadandaula, amati ndapulumuka! Ine ndimatero: abwereze nthawi yotsala yokha, zigoli zikhale momwe zinalili. Atsegule gemu yatsopano, matimu omwewo, asewere mpaka wotchi ya mugemu ifike pa 20, aime. Zimene achinye pamenepo muphatikize ndi 2-0 uja. Wotsogola sanaluze kanthu, winayo wapatsidwa mpata umene anali nawo, osapitirira. Ikadukanso mbali yake yomweyo, apo ndiye 3-0, palibe kukambirana.

Mphunzitsi wa makompyuta, Mzuzu: Ndikugwirizana ndi mayi. Ndiwonjezere kuti makampani enieniwo opanga magemu anasiya kalekale kufufuza mtima wa munthu. Mu Counter-Strike, gemu yowomberana ya pakompyuta, ukasiya anzako pakati pa gemu ya mpikisano umatsekeredwa mphindi 30, ukabwereza maola 2, kenako maola 24, kenako masiku 7. Safunsa kuti magetsi anathima kapena unapsa mtima. Koyamba chilango n'chopepuka chifukwa ngozi imagwera aliyense; wa chizolowezi amadziulula yekha pobwerezapo. Ifenso tizilanga kubwereza, osati kulosera zomwe zinali m'mutu mwa mwana.

Wokonza mpikisano, Ndirande: Nanga umboni? Wotsogolayo ali ndi chithunzi cha 2-0 chokha.

Mphunzitsi wa makompyuta, Mzuzu: Kuyambira kotafainolo, onse awiri azijambula sikirini kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wofuna kudina kandege amayenera kutsitsa kansalu ka pamwamba pa foni kaja, ndipo pa vidiyo kamaoneka bwinobwino. Wopanda vidiyo, mlandu umamugwera.

Woyendetsa ligi, Zomba: Chenjezo lokha aphunzitsi, mafoni ang'onoang'ono amatentha akamajambula, gemu n'kuyamba kudodoma. Asanayambe ayese kaye, wa foni yofooka aike foni ina kumbuyo kwake izijambula manja ndi sikirini.

Mkulu wa gulu, Johannesburg: Nonse mwathamangira wothawayo, wotukwana uja mwamuiwala. Kwa ine ameneyo ndiye mlandu woonekeratu, umboni wake uli pagulu, aliyense wawerenga. Mukamusiya chifukwa amatsogola, mwauza ana onse kuti wodziwa kusewera ali ndi chilolezo cha pakamwa. Makolo akaona mauthenga otero amachotsa mwana pagulu, ndipo bizinesi ndi yanu imene ikufa. Afufute, apepese pagulu pomwepo pamene anatukwanira, asanakhudze gemu yobwerezayo. Akakana, fainolo asaione.

Ndipo anawo muziwauzako za Fnatic, timu ya Counter-Strike. Pa mpikisano wa DreamHack Winter wa 2014 anagonjetsa timu ya LDLC pokwezana pamalo ena pa mapu a Overpass pomwe ankaona adani iwo osaoneka. Okonza atagamula kuti gemu ibwerezedwe, Fnatic anangodzichotsa mumpikisano, LDLC n'kupita kukatenga chikho. Anthu aja ankalimbirana ndalama zenizeni, osati zathu za bandulozi.

Mwini malo a PlayStation, Area 25: Za kupepesazo ndavomera. Koma mnyamata wanuyo ndikumudziwa mtundu wake, muona Lachisanu.

Wokonza mpikisano, Ndirande: Zikomo akuluakulu. Abwereza mphindi 20 Lachisanu madzulo, kuyambira pa 2-0, onse akujambula. Wotukwanayo ndamutumizira uthenga, waona koma sanayankhe. Mayi a ku Zomba, mungandiponyereko malamulo a ligi yanu ndikopereko?

Woyendetsa ligi, Zomba: Ndikuponyerani mawa m'mawa. Muwapatse aliyense alembe "ndavomera" asanalipire, osati atalipira kale.