Very enormous: ndidule mamakisi kapena ndisiye?

Mphunzitsi wa ku Chipata: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, ndili kuchonga makompozishoni a Giredi 9 pa mutu wa mwambo wa Angoni wa Nc'wala, manje ana ambiri alemba kuti ku Mtenguleni, kumene mwambowu umachitikira, kunali "a very enormous crowd", mtima wanga ukukana ndithu koma ndikusowa mowafotokozera mawa m'kalasi.

Madamu a ku Katete: Dulani asala koma pang'ono chabe, very ndi enormous siziyendera limodzi. Mukachotsa very muwakumbutse kuti a uja asanduka an chifukwa enormous iyamba ndi vawelo.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Vuto mwana amayamba waganiza m'Chinyanja kuti khamu lalikulu kwambiri, ndiye lalikulu aika enormous, kwambiri aika very, basi wamaliza. Ine ndimatenga choko nkulemba pa bolodi nyumba chinyumba, mtengo chimtengo, gulu chigulu, nkuwafunsa kuti ukuluwo wabisala pati, onse amaloza chi uja, ndiye ndimati enormous nayo inameza kale kwambiri m'mimba mwake.

Mphunzitsi wa ku Chipata: Iyi ndaikonda, koma ife timanena chinyumba chachikulu kwambiri ndipo sichilakwika, mwana wochenjera adzandifunsa zimenezo.

Madamu a ku Katete: Akafunsa muvomere asala, musamutseke pakamwa, pamenepo ndi pamene zilankhulo ziwirizi zasiyana. Chizungu chikafuna kutsindika chimati absolutely enormous, very musiyire big ndi large. Liwu la enormous linachokera ku Chilatini, norma inali sikweya ya kalipentala ndipo e ndi kunja, ndiye kuti chinthu chopyola muyeso. Mbuzi yonenepa ndi big chabe, koma njovu ya ku Mfuwe mwana akaiona koyamba nkugwira pakamwa, imeneyo ndiye enormous. Sizogwirika zokha ai, an enormous debt ikhoza, an enormous problem ikhozanso.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Muwachenjezenso pa enormity, ifanana maonekedwe koma makamaka imanena kuipa kwakukulu kwa mlandu, pa mayeso asaigwiritse pofotokoza khamu.

Mphunzitsi wa ku Chipata: Zikomo madamu, zikomo asala. Ndidula theka la makisi kamodzi kokha pa pepala lililonse ngakhale wabwereza katatu, mawa tiyamba ndi nyumba chinyumba kenaka aliyense alembenso chiganizo chake cha Mtenguleni.