Tinapumuladi ku Harare, zikomo

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kuima tsiku lathunthu ku Harare pa ulendo wathu wa pagalimoto wochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg. Zikomo nonse amene munayankha, makamaka inu achimwene amene munati tisayerekeze kupitirira usiku womwewo.

Tinamvera zimenezo. Titadutsa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, tinafika usiku miyendo itatupa, n'kukagona kwa anzathu ku Mufakose. Ena munati tikaone Lake Chivero, koma zoyenda mtunda wautali zinali zitatikwana, ndiye tinangopita kwa Mereki ku Warren Park. Kumeneko umagula nyama pabutchala, amayi n'kukuwotchera pompo, nsima yake yolimba bwino. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka, dalaivala wathu akuliza mkonono pampando wakumbuyo. Ndiye amene ankafunikiradi kupuma tsikulo kuposa tonsefe.

Amene mukukonza ulendowu, tengani madola a ku America ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa chenji chimavuta kwambiri. Ponyamuka lawirirani m'mamawa. Kuchoka ku Harare kudzera ku Masvingo kukafika ku Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa, ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pachipata paja mzere wake sudziwika kuti utha nthawi yanji.